Nyimbo Zinayi za Atsibweni a Hilario

Cape Town
14 Meyi 2023

Okondedwa atsibweni a Hilario,

Ndikupereka moni kwa inu, kwa azakhali a Sabina ndi onse pakhomo. Ine ndili bwino, kungoti kuno mvula imagwa nthawi imene kwathu anthu akukolola, ndipo thupi langa silinazolowerebe. Mwana wanu Bridget wandiuza kuti pa foni simukumvanso, choncho ndalemba kalata. Iye akaisindikiza pa Namitete n'kukupatsirani m'manja.

Sabata yatha, m'nyumba yosungira mabuku ya pa yunivesite, ndinapeza mbale yakale ya galamafoni. Pachikuto pake panali mayina a ophunzira a pasukulu ya nyimbo ya kunja ija anakutumizaniko ansembe mu 1976, ndipo pansi penipeni panalembedwa kuti H. Msampha, Chizimalupsa. Ndinaimvera mpaka anandiuza kuti akutseka. Mavayolini aja amayamba mouma ngati udzu wa mu Okutobala, kenako kumagwa dontho limodzi, kenako lina. Sindinkadziwa kuti munthu amene ankandiphunzitsa do re mi uku akutong'ola chimanga ndi amene anapeka zimenezi. Ndinachita manyazi kuti ndakadziwira kutali chonchi.

Ndafufuza zonse zimene zinajambulidwa pa ntchito yanu. Pali mbale imeneyi, ndi kaseti ya Misa ija anajambula wansembe wina ku Nambuma, momwe tambala amalira pakati pa Ambuye Mutichitire Chifundo. Basi. Nyimbo ija munakaimbitsa pa wailesi ndaifunsa, palibe amene akudziwa kumene tepi yake inapita.

Ndiye ndili ndi pempho, ngakhale sindikudziwa ngati ndine woyenera kulipereka. Ndikufuna tijambule Mphambano, inu muli kutsogolo mukuimbitsa. Ine ndimangomva mbiri yake, kuti ndi nyimbo zinayi zimene zimasanduka imodzi. Chonde ndifotokozereni.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Ulemu


Namitete
2 Juni 2023

Ulemu mwana wanga,

Moni wako talandira. Azakhali ako ali bwino, akulimbana ndi mtedza. Ine ndili bwino kupatula makutu. Lamanzere linapuma pa ntchito, lamanja limamva ngati wolankhulayo ali m'chitsime.

Chizimalupsa usachitame kwambiri. Anyamata aja anachithamangitsa, ankafuna kukakwera sitima.

Za Mphambano tamvera. Pa uphunzitsi wanga ndinkasamutsidwa sukulu ndi sukulu, ndipo paliponse ndinkapeza kwaya yokhala ndi chinthu chimodzi chokha chabwino. Kuno ku Namitete kunali amayi a mawu okwera. Ku Msundwe kunali atsikana a mawu apakati, okhakhala pang'ono, amene lero ndi agogo. Ku Nsaru kunali anyamata a tenala. Ku Kabudula kunali amuna a besi, a Nedson ndi anzawo, oti akatsegula pakamwa malata a tchalitchi amanjenjemera. Kwaya iliyonse ndinaipatsa nyimbo yakeyake, yoima payokha, ndipo akuziimbabe mpaka lero, ana awo anatengera. Koma nyimbo zinayizo ndinazisoka moti zilowane. Wina akayamba, wina adikire, alowe pamene mpweya wa woyambayo ukutha. Malo olowerawo sindinawalembe chifukwa sakhala amodzimodzi, zimatengera mpweya wa anthu tsiku limenelo. Pamafunika ine ndimvetsere, n'kukweza dzanja.

Makwaya anayiwo sanakumanepo. Nyimboyi ndakhala ndikuimva m'mutu mokha kuyambira iwe usanabadwe. Ndikanakonda kuimva kamodzi ndi khutu, ndidziwe ngati sindinadzinamize. Bwera mu Ogasiti anthu atagulitsa fodya, khutu lamanjali lisanatsate linzake.

Atsibweni ako,
H. Msampha


Namitete
9 Julayi 2023

Mwamuna wanga wa ku Joni,

Ndakhala ndikudikira chitenje kuyambira chaka chatha, iwe ukutumiza makalata a nyimbo. Asuweni ena amatumiza mafoni. Komabe moni, uli bwanji ndi mphepo yakoyo?

Kalata yako yawasintha bambo. Ameta ndevu, atulutsa jekete ija ya mabatani atatu, ndipo madzulo amazungulira bwalo akukwezera nkhuku dzanja. Ine ndinayamba kufunsa za malole otengera makwaya. Apa ndi pamene zinavuta, chifukwa mayi anamva.

Pali nkhani imene iwe sukuidziwa. Kalekale, atsogoleri a makwaya anayi aja anawafunsa bambo kuti kodi adzaimba liti pamodzi. Nthawi imeneyo ngakhale njinga inali yobwereka. Bambo anaseka, n'kunena kuti, "Mudzaimba pamodzi pa maliro anga, poti kwathu kuno lole imapezeka pa maliro pokha." Za lole zija anthu anaiwala, anasunga zoyambazo. Lero ukafunsa ku Nsaru kapena ku Kabudula, aliyense akuuza kuti Mphambano ndi nyimbo ya maliro a aphunzitsi.

Ndiye mayi anawapeza bambo pakhonde, n'kuwaitana ndi mfunda wawo.

"A Mwale, mwatopa nafe?"

"Mwati chiyani?"

Mayi anawerama n'kukuwa m'khutu lamanja lija, mpaka a nyumba yoyandikana anatuluka. "Ndati kodi mwatopa nafe?"

"Mayi a Bridget, zija ndinkaseka."

"Imfa siidziwa nthabwala. Inamva."

Kuyambira tsiku limenelo jekete inabwerera m'sutikesi, ndipo sindikudziwa kuti anaibweza ndani. Ine ndili pakati ngati mbuzi ya anthu awiri. Walembere wekha mayi, mwina iwe wa madigiri akumvera.

Msuweni wako,
Bridget


Cape Town
20 Julayi 2023

Azakhali okondedwa,

Ndagwada pokupatsani moni. Ndamva kwa Bridget kuti pempho langa lakupwetekani mtima, ndipo ndakhala masiku angapo ndikulemba ndi kung'amba.

Sindikuwafunira atsibweni choipa chilichonse. Mayi anga atamwalira munandilera ndinu awiri, ndipo yunifolomu yanga yoyamba ya ku sekondale munasoka ndinu. Koma nyimbo ndi mawu chabe, azakhali, siitana kanthu. M'mayiko ena opeka nyimbo amamva nyimbo za maliro awo ali moyo, n'kukhalabe zaka zambiri. Chimene ndikuopa n'chakuti iwo okha ndi amene akudziwa polowera kwaya iliyonse. Akadzachoka asanationetse, Mphambano idzapita nawo. Ine ndikufuna itsale ndi ife.

Ngati ndalankhula molakwika mundikhululukire. Pa pepala mawu anga amauma kuposa mmene aliri mumtima.

Mwana wanu,
Ulemu


Namitete
6 Ogasiti 2023

Ulemu,

Akulemba ndi Bridget koma mawu ndi anga, ndipo ndamuuza asachotsepo kanthu. Tili bwino. Mtedza tagulitsa, mtengo wake wosayenera kuutchula.

Wati "akadzachoka." Wati "itsale ndi ife." Ndinamuuza Bridget awerengenso pamenepo. Ndikudziwa kuti kwathu kuno mwana wa mlongo ndiye amatsala ndi za atsibweni ake, koma amadikira. Sayamba kuyeza jekete mwini wake ali momwemo.

Iwe unapita kusukulu, ukuti nyimbo ndi mawu chabe. Ine ndagona pa maliro ambiri kuposa iwe. Amayi a ku Msundwe akayamba yawo ija pa siwa, ine ndimatuluka panja, chifukwa ndimadziwa kuti ndi chidutswa cha ya mwamuna wanga. Ndiye ukufuna ndiyale mkeka, ndikhale pansi, zinayi zonse ziimbidwe, iye ataima kutsogolo akudziimbitsira yekha? Tikatero, tsiku lenilenilo anthu adzabwera kudzatani? Adzakhala atamuika kale.

Ndipo si ine ndekha. A Nedson ati iwo sangakumbe manda a munthu amene akuyenda. Ku Nsaru ati chimodzimodzi.

Chimene ndalola ndi ichi. Bridget apite ndi foni yake kwaya ndi kwaya, aliyense aimbe yake ali kwawo monga amachitira masiku onse. Zimenezo utenge. Ukafuna kubwera, bwera kudzationa, tikuphera nkhuku.

Azakhali ako,
Sabina


Cape Town
22 Okutobala 2023

Okondedwa atsibweni,

Ndikhulupirira muli bwino ndi kutentha kwa mwezi uno. Pepani kuti mu Ogasiti sindinabwere. Tikiti ya basi ndinagula, kenako ndinakabweza. Ndinkadziona ndikutsika pa Namitete ndi makina ojambulira, azakhali ataima pakhomo, ndipo sindinadziwe kuti ndidzawayang'ana bwanji. Mwina akunena zoona. Mwina nyimboyi ndikuifunira buku la digiri yanga osati inu. Ndadzifunsa kambirimbiri ndipo yankho silibwera limodzi.

Bridget wagwira ntchito yaikulu, nyimbo zonse zinayi wanditumizira. Ndaziika pa kompyuta, ina pamwamba pa inzake ngati mizere ya m'munda, ndipo ndimazisuntha pang'onopang'ono kufuna pamene zingalowane. Nthawi zina a Kabudula ndi a Namitete amagwirizana bwino kwambiri, koma pomwepo a Nsaru amagundana ndi a Msundwe. Ndikakonza uku, uko kwaphwasuka. Anzanga a m'chipinda chino ayamba kung'ung'udza nyimbo ya a Nedson osadziwa tanthauzo lake.

Ndatumiza pa foni ya Bridget kalumikizidwe kamodzi kamene ndikuona ngati kali bwinoko. Yesani kumvetsera. Komanso ndilembereni chinthu chimodzi chokha: amayi a ku Namitete akayamba, a Msundwe alowe pa mawu ati? Ndikadziwa pamenepo, mwina zinazo ndizipeza.

Ndine mwana wanu,
Ulemu


Namitete
10 Disembala 2023

Ulemu mwana wanga,

Mvula yabwera, tadzala. Khutu lamanja nalo layamba kulongedza katundu. Foni ya Bridget ndinaiika pakhutu, sindinamve kanthu. Ndinaikanikiza pachibwano, ndipo apo ndinamvako pang'ono m'mafupa.

Wayesetsa, koma si imeneyo. Waimanga ngati ndindi ya fodya, masamba ofanana okhaokha pamodzi. Yanga imafuna kuti anthu akanganeko pang'ono asanagwirizane. Komanso anthu aja anaimba aliyense ali kwawo, osamumva mnzake. Munthu akamamva mnzake amapuma mwamtundu wina.

Wafunsa kuti a Msundwe alowe pa mawu ati. Ndinakhala pansi ndi pepala, ndinalemba, ndinafufuta. Amayi akakhala kuti adya bwino ndi pena, akakhala kuti achokera kumunda ndi pena. Dzanja likudziwa, cholembera sichikudziwa.

Mwezi watha ndinakwera kabaza mpaka ku Kabudula, azakhali ako ndinawauza kuti ndikupita kukaonetsa makutu. A Nedson, munthu wa imvi mutu wonse, anandigwadira pabwalo ana akuona.

Nditatchula za Mphambano anakuwa kuti, "Aphunzitsi, tipempheni mbuzi, tipempheni munda, tikupatsani."

Ndinati, "Nedson, ndikungofuna ndiimve."

Anati, "Mukaimvera kumwamba, kumeneko amapereka makutu atsopano."

Ndinaseka. Ndikanatani? Anandipatsa nkhuku ndi mazira, n'kundiperekeza mpaka pamsewu.

Anthuwa sakundimvera chifukwa amandikonda. Koma mlendo wochokera kutali, wanyamula makina, kwathu kuno sabwezedwa chimanjamanja. Utabwera pa Khirisimasi n'kukakhala pakhomo pa a Nedson osachoka, mwina angachite manyazi, ndipo iwo akavomera enawo atsatira. Azakhali akonso pamaso sakhala olimba ngati pa kalata. Sindikukukakamiza, ndikudziwa kuti uli ndi sukulu.

Atsibweni ako,
H. Msampha


Cape Town
11 Febuluwale 2024

Okondedwa atsibweni,

Moni kwa inu ndi azakhali. Kalata yanu ndakhala nayo nthawi yonseyi osayankha, ndipo ndilibe chifukwa chomveka. Munati simukundikakamiza, ine ndinagwira mawu amenewo chifukwa anali opepuka kunyamula. Pa Khirisimasi ndinali kuno, sukulu itatsekedwa, ndikusunthabe mizere ija pa kompyuta. Ndinkadziuza kuti ndikaipeza ndekha, palibe amene adzakhumudwe, inu kapena azakhali.

Lero ndaiwerenganso kalatayo ndipo ndaona kuti munkandiitana. Munthu wosatha kukuwa amaitana choncho.

Ndabwereka makina abwino kwa aphunzitsi anga. Ndibwera Pasaka ikangopita, misewu ya ku Kabudula ikayamba kuuma. Ndidzayamba ndakhala pansi ndi azakhali, ndiwamvere mpaka amalize, osawauza za mayiko ena. Kenako ndidzapita kwa a Nedson. Ngati khutu lidzakhale litatsekeratu, mudzayang'ana pakamwa ndi m'mapewa mwa oimba, mpweya mudzauona ndi maso. Simudzaimva, ndikudziwa, ndipo pamenepo ndakulakwirani. Koma dzanja lanu lidzakhalapo.

Ndidikireni.

Mwana wanu,
Ulemu


Namitete
3 Malichi 2024

Ulemu,

Lero ndilibe nthabwala. Kalata yako ndinaisindikiza bambo ali kale m'chipatala ndi chibayo. Anaiwerenga okha, anati, "Pasaka," n'kuipinda. Zotsatira zake ndinakuuza pa foni. Usadzivute kuti sunafike, basi ya masiku awiri sikanakupezetsa maliro. Unati ndikulembere za kumanda zonse mmene zinayendera, chifukwa pa foni ndinkangolira. Ndi izi.

Malole anapezeka. Anabwera onse, a Msundwe, a Nsaru, a Kabudula, atavala mayunifolomu awo, ena ndi makanda kumsana. Sindinaonepo anthu ochuluka chonchi pamudzi pathu. Adzukulu atatsitsa bokosi, a Nedson anaimika makwaya mbali zinayi za manda. Ine ndinayatsa foni.

Kunali zii. Poyamba ndinkayesa ndi ulemu, kenako ndinaona kuti aliyense akuyang'ana uku ndi uku kufuna woti akweze dzanja. Amayi a kuno anayamba okha. A Msundwe anayang'anana, awiri analowa, ena anatsalira. A Nsaru analowa onse mwamphamvu n'kuwaphimba. A Nedson anakweza dzanja kuti athandize, a Simeon amene amatsogolera a Nsaru nawonso anakweza lawo, ndiye panali manja awiri osagwirizana. Zinamveka ngati tsiku la msika pa Msundwe. Anasiya.

A Simeon anati, "Inu a Kabudula mwafulumira."

A Nedson anati, "Tafulumira bwanji poti sitinalowe n'komwe?"

Anayambanso. Ulendo uno zinapitako patali pang'ono, koma amayi a kuno anafika kumapeto kwa nyimbo yawo ena ali pakati, ndipo sanadziwe ngati abwereze kapena akhale chete. Ena anabwereza, ena anakhala chete. Mitambo inali itada kumbali ya ku Mchinji. Mkulu wa adzukulu anati, "Akuluakulu, mvula iyo. Dothi likanyowa mukwirira nokha." Akatekisiti anayambitsa nyimbo ya m'buku, ija timaimbira aliyense, ndipo anthu anaiimba bwino kwambiri.

Pobwerera a Nedson ankalira ngati mwana. Ankangoti, "Ife tinkayesa nthawi yake ikadzafika idzadziimba yokha."

Mayi sananene kanthu za nyimbo mpaka titameta. Dzulo tikusankha nyemba anandifunsa kuti, "Kodi ija inali yomweyo?" Ndinati sindikudziwa, afunse iwe. Anapitiriza kusankha nyemba. Kenako anati ndikuuze kuti ubwere ndi makina ako, tsopano palibe choletsa, ndipo makwaya onse avomera.

Zimene ndinajambula ndakutumizira.

Bridget


Cape Town
17 Malichi 2024

Azakhali okondedwa,

Ndagwada pokupatsani moni, ndipo ndikupepesa kuti pa tsiku lolemera lija munalibe ine pambali panu. Ndibwera Pasaka ikapita, kudzaona manda ndi kukhala nanu. Makina ndabweza kwa eni ake. A Nedson ndi a Simeon muwathokoze, koma asavutike kufunafuna malole.

Zimene Bridget anajambula ndazimvera kambirimbiri. Pa kuyesa kwachiwiri, a Kabudula atangolowa, pali kanthawi kochepa, kotalika ngati mpweya umodzi, pamene mawu onse anayi akukhala pamodzi. Nditafika pamenepo ndinabweza n'kumvetseranso. Kenako zikuphwasuka. Sindikudziwa ngati zimenezo ndi zimene atsibweni ankamva m'mutu mwawo, kapena zinangochitika mwangozi. Woti akanandiuza anali mmodzi.

Aphunzitsi anga kuno akuti ndisonkhanitse makwaya, ndiwaimbitse ndekha, ndilembe dzina la atsibweni pamwamba. Mwina ndingathe kutulutsa chinthu chokoma. Koma chingakhale changa, ndipo anthu angamachimve n'kumati ndi mmene iwo ankaganizira. Zimenezo sindingawachitire.

Musadziimbe mlandu. Inu munkateteza munthu wanu, ndipo munanena poyera. Ine ndinaitanidwa, ndinamva, ndinakhala.

Amayi a ku Msundwe, a kwathu, a Nsaru ndi a Kabudula apitirize kuimba aliyense yake, ndi nyimbo zabwino. Munafunsa ngati ija ya kumanda inali yomweyo. Ayi, azakhali, sinali yomweyo. Yomweyo sitidzaimva.

Mwana wanu,
Ulemu